ZOBVALA ZA MASEWERO ZALOWA M'MUDZI

Munthu amene ayenda pa mseu waukulu wa Kum'mawa masiku ano, kucokera pa mlatho wa Luangwa kupyola ku Nyimba, Petauke, Sinda ndi Katete kufikira ku Chipata, adzaona cinthu cimene makolo athu sanacione pa ubwana wao. Pa cigayo, pa msika, pa mjigo, makamakanso pa kiliniki tsiku la sikelo, tiana ta zaka ziwiri kapena zitatu tayamba kuoneka ngati timu ya mpira imene yasokera njira ya ku bwalo. Aka kabvala jezi yobiriwira ya Chipolopolo, ako kabvala yofiira ya Arsenal yofika m'maondo, kena kali mu thirakisuti ya mizere itatu m'mbali ndi tinsapato ta mphira ku mapazi. Ukakweza maso kuti uone amene wakagwira dzanja, upeza atate ace nawonso ali m'jezi, ndipo nthawi zina amai ace abvala buluku la thirakisuti, citenje atamanga pamwamba pace kapena atacisiya kunyumba.

Nkhani imeneyi yagawa anthu m'midzi yathu. Anyamata ndi atsikana amene angoyamba kumene mabanja akuti palibe colakwa, zobvalazi nzotsika mtengo, nzosabvuta kucapa, ndipo mwana aoneka waukhondo. Akulu akuti ulemu watha, pakuti kholo ndi mwana sasiyananso, ndipo munthu wa ndevu zace ayenda m'mudzi tsiku lonse ngati ali kupita kukasewera. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Koma pakati pa mkanganowo pali kamwana kamene sikanafunsidwe, ndipo za kamwanako ndizo zimene zisowa wozinena.

Kumene zinacokera

Poyamba zobvala izi sizinali za mu mseu ai. Thirakisuti inasokedwa kuti wothamanga aibvale pamwamba pa kabudula pamene ali kuyembekeza mpikisano, kuti thupi lisazizire, ndi kuibvula nthawi yothamanga ikakwana. Kampani ya Adidas, mwini wa mizere itatu ija, inayambidwa m'caka ca 1949 ndi Adi Dassler m'tauni yaing'ono ya Herzogenaurach ku Germany. Mbale wace Rudolf, atasiyana naye maganizo, anayamba kampani ya Puma kutsidya kwa mtsinje m'tauni yomweyo. M'caka ca 1967 Adidas inaturutsa thirakisuti imene inapatsidwa dzina la katswiri wa mpira wa dzikolo, Franz Beckenbauer, ndipo m'zaka zotsatira anthu a ku Ulaya ndi ku America anayamba kubvala zoterezi popita ku sitolo ndi pokhala pakhomo, ngakhale aja amene sanathamangepo ciyambire.

Nsalu yace kawirikawiri si ya thonje. Ndi ya poliyesita, ulusi umene akatswiri a ku Britain anapanga m'caka ca 1941, ndipo ucokera ku mafuta okumbidwa pansi, omwe aja atipatsa petulo ndi mapepala a pulasitiki. Mfundo iyi muisunge, owerenga, pakuti tidzaifunanso tikafika pa mbaula.

Kuno kwathu, agogo ali ndi moyo angacitire umboni kuti kale mwana wa zaka ziwiri sanali kubvala zambiri. Mkanda m'ciuno, kamalaya kamodzi kopitira ku chalichi, ndi citenje ca amai ace comuberekera, basi. Dziko litalandira ufulu mu 1964, Boma linaika mtima pa kupanga nsalu zathuzathu. Kunali fakitale ya nsalu ku Kafue, ndipo m'zaka za m'ma 1980 inatsegulidwa ya Mulungushi ku Kabwe, yomangidwa ndi cithandizo ca dziko la China. Munthu anali kugula nsalu pa mayadi napita nayo kwa telala wokhala pa khonde la sitolo ndi makina ace a Singer. Amuna a m'maofesi anali kubvala suti ya manja aafupi yopanda tayi, imene mpaka lero ichedwa ndi dzina la Dr Kenneth Kaunda, ngakhale m'maiko ena a mu Africa. Koma mtengo wa mkuwa utagwa ca m'ma 1975, zinthu zinasowa m'masitolo, ndipo malaya a mwana anali kulandirana kucokera kwa woyamba kufikira kwa citsiriza, zigamba pamwamba pa zigamba.

Cimene cinasintha zonse ndi salaula. Mau amenewa ndi a Cibemba, onena za kusankha pofufuza mu mulu. Anzathu kutsidya kwa Mwami, ku Mchinji, amati kaunjika. Boma litasintha mu 1991 ndi kumasula malonda a zocokera kunja, mabelo a zobvala zakale anayamba kulowa mwaunyinji. Zobvalazi amazipereka anthu a ku Ulaya ndi ku America ku mabungwe a cifundo, mabungwewo amazigulitsa kwa amalonda amene amazisankha ndi kuzimanga m'mabelo, ndipo zibwera pa sitima za pamadzi mpaka ku madoko onga Dar es Salaam, Beira ndi Durban. Pambuyo pace kunabweranso zatsopano zotsika mtengo za ku China, zimene amalonda athu apikula ku Kamwala mu Lusaka. Motero kajezi kamene kanacepera mwana wa ku Manchester kamatha masiku ace pa msana pa mwana wa ku Chadiza kapena ku Vubwi. Mafakitale athu a nsalu sanathe kupikisana ndi mitengo yotere, ndipo telala wa pa khonde uja nchito yace yaikulu inasanduka kucepetsa ndi kukonza salaula.

Pali codabwitsa apa. Cigawo cathu ca Kum'mawa cidziwika ndi ulimi wa thonje. Mlimi wa ku Katete kapena ku Lundazi apalira thonje, alipopera mankhwala, alithyola dzuwa lili pamutu, aligulitsa, ndipo ndalama yomweyo akagulira mwana wace cobvala copanda ulusi wa thonje ngakhale umodzi.

Jezi si nsalu cabe

Tisafulumire kunena kuti onse obveka ana ao jezi angotengeka ndi za kunja. Mpira uli ndi malo ace mu mtima wa dziko lino. Akulu akumbukira mu 1988 ku South Korea pamene anyamata athu anagonjetsa Italy zigoli 4 kwa 0, Kalusha Bwalya atamwetsa zitatu yekha. Akumbukiranso usiku wa pa 27 Epulo 1993, pamene ndeke yonyamula timu ya dziko popita ku Senegal inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon, ndipo anthu onse 30 anafa, 18 mwa iwo osewera. Ndipo pa 12 Febuluwale 2012, mu mzinda womwewo wa Libreville, Chipolopolo yotsogozedwa ndi Christopher Katongo inatenga cikho ca Africa itagonjetsa Ivory Coast pa mapenate 8 kwa 7, Stoppila Sunzu atamenya yotsiriza. Anyamata amene anabvina m'miseu ya Chipata usiku umenewo ndiwo atate a tiana ta lero. Bambo wotere akabveka mwana wace jezi yobiriwira ya nkhwazi pa cifuwa, ali kumuuza kuti ndi wa kuno, ndipo sindiona cifukwa comuletsera.

Atsikana nawo apeza ao. Barbra Banda anamwetsa zigoli zitatu-zitatu m'masewero awiri otsatizana pa mpikisano wa Olympics ku Tokyo mu 2021, ndipo timu ya akazi ya Copper Queens inakasewera mpikisano wa dziko lonse mu 2023. Kuyambira pamenepo kubveka mwana wamkazi jezi sikulinso cinthu coseketsa anthu monga kunalili kale.

Za jezi za matimu a ku England ndi ku Spain ndi nkhani ina. Kamwana kobvala dzina la wosewera amene ngakhale amai ace satha kulichula sikadziwa kanthu; cimene cili pamenepo ndi mpikisano wa atate ace ndi anzao a ku nyumba ya kanema. Palibe coipa ceniceni, koma tisaname kuti tacitira mwana.

Madandaulo a akulu

Akulu sadandaula kwenikweni za mwana. Amene awawawa ndi kholo. Pa mwambo wathu cobvala cimalankhula munthu asanatsegule pakamwa. Mkamwini amene akhala pa mudzi wa mkazi wace amayang'anidwa ndi maso ambiri, ndipo apongozi akamuona m'mawa ali mu thirakisuti ndi nsapato zothamangira, pamene anzace ali ku dimba, sanena kanthu koma mu mtima amaliza kale mlandu. Zobvala za masewero, m'maso mwa akulu, zinena kuti mwini wace alibe nchito. Anenanso kuti atate ndi mwana akabvala zofanana, mtundu umodzi ndi nambala imodzi kumsana, mwana aona atate ace ngati mnzace wosewera naye, ndipo tsiku lomulangiza likadzafika mau sadzalemera.

Mfundo yaciwiriyi ine sindiibvomereza. Mwana alemekeza kholo limene limdyetsa, limsamala akadwala, ndipo silinama pamaso pace. Taona ana opulupudza a makolo obvala jekete ndi tayi, taonanso ana a mwambo a makolo obvala sanza. Koma pa mfundo ya malo ndi nthawi, akulu ali ndi coonadi cimene acinyamata ayenera kumva. Pa maliro si pa bwalo la mpira. Munthu wopita kukakumba manda angabvale cimene cimthandiza kugwira khasu ndi fosholo, koma wokakhala pa siwa ndi jezi yofiira ya malemba aakulu kumsana akoka maso amene anayenera kukhala pa ofedwa. Cimodzimodzi pa bwalo la aNyakwawa poweruza mlandu, pokapereka malonje kwa apongozi, ndi ku nyumba ya mapemphero. Pa Kulamba ku Mkaika, pa Ciweru cotsiriza ca Ogasiti, ndi pa Nc'wala ku Mtenguleni m'mwezi wa Febuluwale, anthu asunga ndalama miyezi kuti asoketse malaya a citenje kapena apeze zikopa, ndipo anyamata omwe aja a jezi amacita cimodzimodzi popanda wowakakamiza. Ici cisonyeza kuti kusiyanitsa malo akudziwa. Angofunika kukumbutsidwa kuti maliro a nkhalamba ya pa mudzi pao alemera mofanana ndi mwambo wa Gawa Undi kapena wa Mpezeni.

Pa amai nkhani ikula, pakuti apa mkangano suli pa masewero koma pa buluku. Alangizi aphunzitsa kuti mkazi abise maondo ndi maumbidwe a thupi lace pamaso pa apongozi ndi amuna a eni. Ku Malawi nkhani iyi inafika mpaka m'malamulo: mu 1973 Boma la Dr Kamuzu Banda linaletsa akazi kubvala mabuluku ndi masiketi aafupi poyera, ndipo lamulolo linacotsedwa mu 1993. Ngakhale zinatero, mu Januwale 2012 amalonda ena a mu mseu ku Lilongwe anabvula akazi obvala mabuluku, mpaka akazi anacita msonkhano waukulu wotsutsa ndipo atsogoleri a dzikolo ananena poyera kuti mkazi ali ndi ufulu wobvala cimene afuna. Kuno ku Zambia lamulo lotere sitinakhale nalo, ngakhale kuti m'zaka za m'ma 1970 atsikana a masiketi aafupi anali kubvutitsidwa m'matauni. Cimene ciyenera kumveka bwino ndi ici: kugwira mkazi, kumng'ambira cobvala kapena kumcititsa manyazi pa gulu cifukwa ca cimene wabvala ndi mlandu wa ku polisi, ndipo palibe mwambo wa Acewa, Angoni, Ansenga kapena Akunda umene uloleza zimenezo.

Amai ambiri a m'midzi apeza okha njira ya pakati. Buluku la thirakisuti libvalidwa mkati, citenje pamwamba. Mai wopalasa njinga mtunda wautali kupita ku kiliniki ndi mwana kumbuyo, kapena wowerama m'munda wa nshawa m'mawa wa mame, adziwa ubwino wace kuposa ife amuna amene tikhala pa mpando ndi kuweruza. Akafika pa khomo la apongozi citenje cili pomwepo, ulemu wakwanira, ndipo palibe amene wataya kanthu.

Ubwino wace pa mwana

Tsono tibwere kwa mwini nkhani. Mwana wa caka cimodzi kufikira zitatu ali pa msinkhu wothamanga, wokwera ndi wogwa. Cobvala cotambasuka, copanda lamba ndi mabatani, cimlola kusewera bwino kuposa kasuti kolimba kamene makolo ena abveka ana kuti aoneke ngati a bwana aang'ono. Kabuluku ka mphira m'ciuno mwana atha kukatsitsa yekha, ndipo ici cithandiza kwambiri pa nthawi yomphunzitsa kudzithandiza ndi kusiya matewera. Nsalu ya poliyesita iuma msanga, cinthu cofunika m'nyengo ya dzinja pamene dzuwa lisowa masiku atatu. Siifuna sopo wambiri, ndipo sing'ambika wamba. Madzulo, manja aatali ndi miyendo yaitali zicepetsa malo olumidwa ndi udzudzu, ngakhale kuti sizilowa m'malo mwa neti yogonamo. Zonsezi nzoona, ndipo amai amene anena zimenezi sanama.

Cikomekome ca mkuyu

Koma mkati muli nyerere, ndipo yoyamba ndi kutentha. Nsalu ya poliyesita siimwa thukuta monga icitira ya thonje. Jezi yeniyeni ya osewera inalukidwa mwa njira yakuti mphepo ipite, koma zambiri zotsika mtengo zimene zifika pa misika yathu nzothina maso ngati thumba la fetereza. M'mwezi wa Okutobala, makamaka ku cigwa ca Luangwa, kwa Mambwe ndi ku Mfuwe, mwana wobvala thirakisuti yathunthu kenaka naberekedwa kumbuyo ndi citenje akhala ngati ali mu mphika. Zotsatira zace ndi tizilonda ta thukuta m'khosi, m'khwapa ndi m'mphecepece, kulira kosaleka, ndi kutha madzi m'thupi. Mwana wa msinkhu uwu sadziwa kunena kuti ndatenthedwa. M'nyengo yotentha kamalaya kopepuka ka thonje kaposa jezi iliyonse.

Yaciwiri ndi mphutsi za pakhungu. Pali nchenche imene iikira mazira ace pa dothi la mkodzo ndi pa zobvala zonyowa zoyanikidwa pansi kapena pa mthunzi, makamaka m'dzinja. Mazira akaswa, timphutsi tilowa m'khungu la wobvala ndi kupanga cotupa conga cithupsa ca kabowo pakati. Makolo athu anadziwa mankhwala ace: kusita cobvala ciliconse ca mwana ndi nsimbi ya makala yotentha bwino. Bvuto ndi lakuti jezi ndi thirakisuti sizipirira nsimbi yotere. Zipsa ndi kuboola, manambala a kumsana amamatira ku nsimbi. Cifukwa ca ici amai ambiri aleka kusita, ati pajatu izi sizikwinyika. Pamenepo ndiye nchenche yapeza khomo. Cofunika ndi kuyanika pa cingwe, pa dzuwa leni-leni, osati pa udzu kapena pa mpanda wa mu mthunzi, kufikira ziume gwa, ndipo posita kutembenuza cobvala ndi kuyala kansalu ka thonje pamwamba pace. Cotupa cotere cikaoneka musacibaye ndi minga kapena singano. Pitani naye mwana ku kiliniki. Ndiponso cobvala ca salaula cicapidwe ndi sopo ndi kuyanikidwa mwana asanacibvale, ngakhale cioneke coyera motani.

Yacitatu ndi zingwe. Majuzi ambiri a masewero ali ndi cisoti ca kumbuyo ca cingwe ca m'khosi. Cingwe cimeneco cingakole pa nthambi, pa citseko ca khola kapena pa ngolo ndi kumpotola mwana khosi. Cisololeni ndi kucitaya tsiku lomwe mwagula, juzi siionongeka. Mwendo wa buluku lalitali kwambiri, logulidwa kuti mwana akuliremo, ungalowe m'masipoko a njinga pamodzi ndi phazi. Upindeni ndi kuusoka, mudzaumasula mwana akatalika.

Pa nsapato tinene pang'ono. Phazi la mwana wa msinkhu uwu likula msanga, ndipo nsapato imene inamkwana pa Khirisimasi ingakhale itamthina pofika nthawi yokolola. Kanikizani cala canu kutsogolo kwa nsapato. Ngati palibe mpata, yacepa. Nsapato zithandiza poyenda pa malo a minga, a matekenya ndi pafupi ndi cimbudzi pamene pali njoka za m'mimba zolowera ku mapazi, koma pa mphasa ndi pa bwalo losesedwa bwino mlekeni mwana ayende ndi mapazi ace, alimbe.

Cimene cobvala cibisa

Pali cinthu cina cimene anamwino a ku sikelo acidziwa bwino. Mwana wobvala zokongola samkayikira munthu. Thirakisuti ibisa manja oonda, ibisa miyendo yotupa, ibisa mimba yaikulu ndi nthiti zowerengeka. Kafukufuku wa Boma wa za umoyo wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko lino anali opinimbira, ndiye kuti aafupi kuposa msinkhu wao cifukwa ca kusowa zakudya zoyenera. Ambiri a ana otere sayenda amaliseche. Abvala bwino ndithu.

Ndico cifukwa cace pa sikelo anamwino apempha kuti mwana abvulidwe juzi ndi nsapato asanapimidwe, ndi kuti dzanja likhale poyera pomuyeza ndi kalamba kaja ka mitundu itatu, kofiira, kacikasu ndi kobiriwira. Amai ena aipidwa, ati mwana azizidwa, kapena acita manyazi kuti zamkati nzong'ambika pamene zakunja nzatsopano. Musatero. Nsapato ndi thirakisuti zikakwera nawo pa sikelo, khadi lilemba kulemera kwa salaula, ndipo mwana amene anafunika cithandizo abwerera kunyumba osathandizidwa.

Apa ndi pamene atate ayenera kudzifunsa. Ndalama ya mlimi ibwera kamodzi pa caka, pogulitsa cimanga, thonje, soya kapena fodya, ndipo amalonda a zobvala adziwa bwino mwezi wofika m'midzi ndi mabelo ao. Kugula jezi ziwiri zofanana, ya atate ndi ya mwana, kuti mujambulitse pa foni, si chimo. Koma ngati nshawa zonse zagulitsidwa osasiyako zosinjira m'phala la mwana, ngati mazira a nkhuku za pakhomo apita ku msika kuti apezeke makwaca a nsapato za dzina, ndiye kuti tabveka khungu ndi kulanda thupi. Mwana wa zaka ziwiri sasiyanitsa Adidas yeniyeni ndi yonamizira. Phala la nsinjiro ndi lopanda nsinjiro thupi lace lisiyanitsa.

Moto

Nyerere yoopsa kuposa zonse ndaisungira pano. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene mphepo ya cisanu iomba pa mapiri a Chipata ndi m'madambo a Lundazi, banja lonse lisonkhana pa moto kapena pa mbaula, ndipo ndi nthawi yomweyo imene ana abvekedwa mathirakisuti ndi majuzi a boya opepuka aja. Tanena kale kuti poliyesita ndi mbale wace wa pulasitiki. Nsalu ya thonje nayo igwira moto, ndipo ikakhala yopepuka ndi yolendewera iyaka msanga, koma ipsa ndi kusanduka phulusa. Ya poliyesita ndi ya nailoni isungunuka monga licitira pepala la pulasitiki mukaliponya pa moto, ndipo madontho ace otentha amamatira pa khungu ndi kupitiriza kuocha mkati. Khungu la mwana nlopyapyala kuposa la wamkulu, cotero bala limene kwa atate ace likanakhala laling'ono, kwa iye lifika pakuya.

Mungadziwe bwanji nsalu imene mwagula? Yang'anani kansalu kolembedwa ka m'khosi kapena ka m'mbali mwa msoko. Mau akuti cotton atanthauza thonje. Akuti polyester, nylon kapena acrylic atanthauza ulusi wosungunuka. Ngati kansaluko kanadulidwa, sololani ulusi pang'ono ku mpendero ndi kuuyatsa ndi macisi, kutali ndi ana. Wa thonje ununkha ngati pepala lopsa ndi kusiya phulusa lofewa. Wa poliyesita ukhwinyata ndi kusiya kanthu kolimba konga mkanda wakuda.

Sitikunena kuti mutaye zobvala zimene munagula ndi thukuta lanu. Tikunena kuti mwana wobvala zotere asakhale pa moto popanda wamkulu womuyang'ana, ndipo mlongo wace wa zaka zisanu ndi cimodzi si wamkulu. Mbaula iikidwe pamene mwana sathamangirapo, ndipo isagone m'nyumba yotseka, pakuti utsi wa makala upha anthu ali m'tulo. Madzulo a cisanu, ngati ciripo, mubvekeni mwana ca thonje cokhuthala mkati, cogwira thupi.

Ngozi ikacitika, cobvala cikagwira moto, musamlole mwana kuthamanga, pakuti mphepo ikoleza moto. Mgonekeni pansi, mumfunde ndi bulangeti lokhuthala kapena thumba la ciguduli, osati la fetereza, kapena mumthire madzi. Moto ukazima, thirani madzi oyera ozizira pa bala kwa mphindi 20, kwinaku mukufunditsa mbali zina za thupi kuti asazizidwe. Nsalu imene yamamatira pa khungu musaikoke. Dulani ndi sizasi mozungulira ndi kusiya yomamatirayo kuti akaicotse a cipatala. Musapake mankhwala otsukira mano, mazira, mafuta ophikira, phulusa, ndowe kapena dothi, ndipo matuza musawaboole. Phimbani bala ndi nsalu yoyera, pitirizani kumuyamwitsa kapena kumpatsa madzi akumwa, ndipo nyamukani nthawi yomweyo kupita ku kiliniki yapafupi, ngakhale usiku. Bala la pa nkhope, pa manja, pa mapazi, pa malo obisika, kapena loposa cikhatho ca mwanayo kukula kwace, lifunika cipatala cacikulu conga Chipata Central, St Francis ku Katete kapena Mwami, ndipo a pa kiliniki adzakulemberani kalata yopitira kumeneko.